Odwala anayi, namwino mmodzi: muyamba ndi ndani?

Nesi Watsopano: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndangoyamba kumene ntchito yoyendera odwala m'makomo. Pawodi ndinali nditazolowera, koma kunoku mutu ukuima. Tiyerekeze kuti m'mawa muli ndi anthu anayi oti muwaone. Woyamba ndi bambo wachikulire amene anadwala sitiroko, sadzuka, ali ndi chilonda kumatako chofunika kutsuka ndi kumanga, ndipo abale ake aimba kale foni kangapo. Wachiwiri ndi mayi wa vuto la mtima, mwana wake akuti usiku wonse wagona chokhala pampando chifukwa akagona chagada akubanika. Wachitatu ndi mnyamata wa shuga amene wangoyamba insulini, sanazolowere kudzibaya. Wachinayi ndi mayi amene wachira masiku atatu apitawo, ulendo wake ndi wamasiku onse wokaona mayi ndi khanda, kungoti pafoni wanena kuti mutu ukumuwawa pang'ono. Muyamba ndi ndani? Kusukulu ankatiuza za ABC, zoti uyambe kuona njira ya mpweya, kupuma, kenako kuyenda kwa magazi, koma pano onse anayi akupuma.

Kadzidzi: Wa mtimayo, achemwali. Onse akupumadi koma sakupuma mofanana. Munthu wa mtima wofooka akagona chagada, madzi amene anali m'miyendo amabwerera m'mitsempha, mtima n'kulephera kuwapopa, ndiye amakaunjikana m'mapapo. Kugona pampandoko ndi thupi likudzipulumutsa lokha. Afunseni ngati ali ndi sikelo. Akakwera makilo opitirira 2 m'masiku atatu, amenewo si mafuta ayi, ndi madzi. Chilonda cha bambo aja chidikira mpaka masana, sichithawa.

Mzamba: A Kadzidzi, mwathamanga. Ine mutu wa mayi wachinayiyo sundigoneka tulo. Anthu ambiri, ngakhale anamwino ena, amaganiza kuti mwana akabadwa nkhani ya BP yatha. Ayi ndithu. Mayi angathe kukomoka ndi kugwedezeka ngati wa khunyu atabereka kale, makamaka sabata yoyamba, ndipo chiopsezocho chimafika mpaka masabata 6. Azimayi ambiri sanena zonse, amati "pang'ono" pamene mutu ukung'amba. Mufunseni: mwamwa panado koma sukusiya? Mukuona zinthu ngati muli chifunga, kapena tinyenyezi? Mukumva kupweteka pansi pa nthiti kumanja? Nkhope ndi manja zatupa? Akavomera chimodzi chokha mwa zimenezi, ameneyo ali pamzere umodzi ndi wa mtima uja. BP ya 140/90 ndi yofunika kale dokotala, ikafika 160/110 ndiye palibe kudikira, apite kuchipatala komwe kuli magnesium sulphate, mankhwala oletsa kugwedezekako, ndi mankhwala otsitsa BP.

Kadzidzi: Zoona, koma mutu ungawawenso chifukwa chosagona, khanda likulira usiku wonse. Pamene wina uja tikudziwa kale kuti akubanika.

Mzamba: N'chifukwa chake ndati afunsidwe. Mafunso amenewo satenga mphindi ziwiri.

Gogo Nesi: Ana anga, nonse mukulondola, koma funso lenilenilo mwalidumpha. Musanafunse kuti ndipite kwa ndani, funsani kuti ndani sakuyenera kundidikira n'komwe. Namwino woyendera m'makomo si ambulansi. M'chikwama mwanu mulibe zoti n'kuchotsera madzi m'mapapo mwachangu. Ndiye musananyamuke, khalani pansi muimbe foni. Yambani ndi wa mtimayo, ndipo muuzeni mwanayo kuti apereke foni kwa mayi akewo, mumve nokha mmene akulankhulira. Ngati sakutha kumaliza chiganizo osapumira, ngati akutsokomola thovu, ngati milomo yasintha mtundu, kapena mwanayo akawerenga kupuma n'kupeza kuti kwapitirira patali 20 pa mphindi, musawauze kuti ndikubwera. Auzeni apite kuchipatala pompano, inu muimbirenso kumeneko kuti awayembekezere. Mukatero muimbire mayi wa khandayo ndi mafunso a Mzamba aja. Mwina mupeza kuti onse awiri akupita kuchipatala ndipo ulendo wanu woyamba ndi kwa mnyamata wa insulini.

Chimene chimatsogolera si dzina la matenda lalikulu, kapena amene wafooka kwambiri. Ndi amene wasintha. Bambo wa sitirokoyo ndi wodwala kwambiri kuposa onsewo, koma ali lero mmene analili dzulo. Mayi wa mtimayo dzana amagona pabedi, lero akugona pampando. Kusinthako ndiko kumakuitanani. Ndipo chenjerani ndi mafoni ambiri. Banja lolongolola silikhala nthawi zonse banja lomwe lili pangozi. Anthu ofatsa, oopa kuvutitsa anesi, ndi amene mumakawapeza zinthu zitafika poipa.

Wapanjinga: Zonsezi n'zomveka pakompyuta, koma tinene zoona. Odwalawo sakhala nyumba zoyandikana. Wina ali kum'mawa, wina kumadzulo, ndipo tsiku ndi limodzi. Ukamatsatira kuopsa kokha umathera tsiku lonse pamsewu, wachinayiyo osamufika. Ine ndimayamba ndi amene ali panjira.

Gogo Nesi: Achimwene, njira ilowe pambuyo. Mukasankha amene ali pangozi, otsalawo asanjeni monga mwa msewu, palibe angakudzudzuleni. Koma msewu usakusankhireni woyamba. Ndipo wina akalephereka tsiku limenelo, muimbireni, lembani chifukwa chake, muuzenso amene akukuyang'anirani. Kulephera kufika si mlandu. Kungokhala chete ndiye mlandu.

Wakufamase: Ndiikepo mawu pa mnyamata wa insulini, chifukwa ndikuona ngati mwamuika kumapeto m'maganizo. Insulini ndi amodzi mwa mankhwala ovulaza anthu kwambiri akalakwika, ndipo masiku oyamba ndiwo oopsa. Mukafika, musamufunse kuti mukudziwa kubaya? Adzati eya. Mupatseni botolo ndi sirinji akoke yekha inu mukuona. Onaninso ngati sirinji ikugwirizana ndi insuliniyo. Pali ya U-100 ndi ya U-40, kutanthauza mayunitsi 100 kapena 40 a insulini pa mililita imodzi. Munthu akakoka insulini ya U-100 ndi sirinji ya U-40 amadzibaya mlingo wochuluka kawiri ndi theka, iye akuwerenga manambala molondola bwinobwino. Botolo lotsegulidwa nthawi zambiri limakhala masiku 28 pamalo osatentha kupitirira madigiri 30, lisakhale padzuwa, lisaumenso m'firiji mpaka kuchita ayisi.

Chachikulu, aphunzitseni a m'nyumbamo, osati iye yekha, chifukwa shuga akatsika mwiniwakeyo ndiye amayamba kusokonezeka. Thukuta lozizira, kunjenjemera, kulankhula ngati waledzera, kupsa mtima popanda chifukwa. Pamakina, pansi pa 3.9 mmol/L kapena 70 mg/dL. Ngati akutha kumeza, magalamu 15 a shuga, omwe ndi masupuni aang'ono atatu kapena anayi m'madzi, kenako kuyezanso pakatha mphindi 15, akatsitsimuka adye. Akakomoka asamuthire kanthu m'kamwa, amugoneke cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala.

Mwana wa Bambo: Pepani, ine si namwino, ndine gadiyani chabe, ndikusamalira bambo anga amene sadzuka. Zandikhudza kuona aliyense akuti wa chilondayo adikire. Ife amene timaimba kangapofe sikuti ndife amwano. Umakhala ukuona bandeji yanyowa, fungo layamba, munthu akubuula, iwe osadziwa chochita. Kwa inu ndi wachinayi pamndandanda, kwa ife ndi bambo.

Kadzidzi: Pepani amayi, mawu anga aja anali ouma.

Gogo Nesi: Mwachita bwino kulankhula, mwana wanga, ndipo mwatchula zinthu zimene zikanasintha mndandanda wonse. Chilonda chikangofunika kumanga, chingadikire maola angapo. Koma fungo latsopano, mafinya, khungu lozungulira kutentha ndi kutupa, bambowo kutentha thupi, kupuma mothamanga, kapena kuyamba kusokonezeka ndi kugona kwambiri mosiyana ndi dzulo, zimenezo zikutanthauza kuti tizilombo mwina talowa m'magazi. Okalamba ena satentha thupi n'komwe, amangofooka ndi kubalalika nzeru. Ndiye mukamaimba musamangoti bwerani msanga. Nenani chimene chasintha ndi nthawi imene chayamba. Namwino aliyense womva zimenezo akusunthirani kutsogolo. Ifenso anamwino tili ndi mbali yathu: banja likaimba, tiziwauza nthawi imene tifike ndi zoti achite podikira. Ambiri amaimba kachiwiri chifukwa koyamba sanayankhidwe zomveka.

Mwana wa Bambo: Zikomo agogo. Nanga ndingatani kuti chisabwere china? Pachidendene payamba kuda.

Sisitala wa Zilonda: Musachedwe napo pamenepo. M'mabuku ambiri amalemba kuti chilonda chimayamba ndi kufiira kosasintha ukadina ndi chala, koma pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, n'chifukwa chake zilonda zambiri timazizindikira mochedwa. Yang'anani malo amene ada kuposa khungu lozungulira, kapena akunyezimira. Akhudzeni ndi kuseri kwa dzanja: kodi patentha kapena pazizira kuposa pena? Palimba, kapena pafewa ngati pali madzi pansi? Muziona masana kapena ndi tochi, osati mumdima.

Chidendenecho chisakhudze matiresi n'komwe. Ikani pilo m'litali pansi pa akatumba kuti chidendene chilendewere m'malere. Musapatikite, musapapake mafuta mwamphamvu, kutikita kumaphwanya timitsempha tomwe tavulala kale. Muziwatembenuza pafupifupi maola awiri alionse, ndipo powagoneka cham'mbali apendekeke pang'ono chabe, madigiri ngati 30, pilo kumsana, osati kugonera fupa la m'chiuno lenilenilo. Pilo wina pakati pa mawondo. Powakweza pabedi muziwanyamula ndi nsalu anthu awiri, osawakoka, chifukwa kukhuza kumang'amba mnofu wa m'kati khungu la pamwamba likuoneka labwino. Nsalu yonyowa ndi mkodzo isinthidwe nthawi yomweyo. Ndipo adye mokwanira, thupi losadya silipoletsa chilonda ngakhale mutamanga bandeji yabwino motani.

A Nesi Watsopano, inu gwiritsani ntchito sikelo ya Braden, fomu yowerengera chiopsezo choti wodwala achite zilonda zogonera, pa ulendo woyamba. Inatuluka mu 1987, mapointi ake amayambira 6 kulekeza 23, akachepa ndiye kuti chiopsezo n'chachikulu. Imathandiza kuti mnzanu wobwera sabata yamawa akhale ndi poyerekezera.

Mzamba: Poti tili pa bambowa, podya azikhala tsonga, ndipo akhalebe choncho mphindi 30 atatha kudya. Akamatsokomola pomwa madzi, kapena mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi, uzani anesi. Anthu ambiri a sitiroko chimawatenga ndi chibayo chobwera chifukwa cha chakudya cholowa m'mapapo.

Nesi Watsopano: Ndikulemba zonsezi. Nanga ndikalowa m'nyumba, ndiyambire pati? Pawodi zonse zimakhala pamalo pake. Kunoku nthawi zina ulibe ndi poika chikwama pomwe.

Gogo Nesi: Vuto la chikwamalo ndi lakale ngati ntchito yomweyi. Unamwino woyendera m'makomo mwadongosolo unayamba ku Liverpool mu 1859, pamene William Rathbone analemba ntchito namwino kuti aziyendera odwala osauka, ndipo ku New York Lillian Wald anayambitsa wake mu 1893. Kuyambira kalekale anamwino oterewa ankaphunzitsidwa kuyala pepala loyera asanaike chikwama. Chifukwa chake sichinasinthe: chikwama chimalowa nyumba iliyonse, ndiye chingathe kunyamula matenda kuchoka kwa wa chilonda kupita kwa khanda. Chisakhale pansi kapena pabedi la wodwala. Sambani m'manja musanapisemo. Mankhwala opaka m'manja a spiriti ndi masekondi 20 mpaka 30, sopo ndi madzi masekondi 40 mpaka 60, ndipo manja akaoneka akuda kapena wodwala akutsegula m'mimba, sopo ndi madzi basi. Magolovesi salowa m'malo mwa kusamba. Zinthu zikalola, khanda ndi odwala ofooka chitetezo muziwaona musanapite kwa wa chilonda cha mafinya.

Koma musanatsegule chikwamacho, maso ayambe ntchito pakhomo. Pawodi mumayeza wodwala, kunyumba mumayeza wodwala ndi nyumba yomwe. Njira yochokera pabedi kupita kuchimbudzi ili bwanji usiku? Pali kuwala? Pali kalipeti wopindika, waya wodutsa pansi, madzi otayika? Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ochuluka ndi opitirira zaka 60. Wokalamba womwa mankhwala a BP, okodzetsa kapena ogonetsa, akadzuka mofulumira usiku amachita chizungulire. Muphunzitseni kukhala kaye m'mphepete mwa bedi asanaimirire.

Wakufamase: Ndipo pemphani kuti akubweretsereni mankhwala onse a m'nyumbamo, onse ndithu, osati a pakhadi okha. Mudzadabwa. Mankhwala amodzi omwewo m'mapaketi awiri a mayina osiyana, wodwala akumwa onse awiri. Akale amene dokotala anasiyitsa akadali m'thumba limodzi ndi atsopano. Mankhwala a chimfine okhala ndi paracetamol m'kati, pamwamba pa panado amene akumwa kale, pamene malire a munthu wamkulu ndi magalamu 4 patsiku, ndipo kwa wofooka kapena wa vuto la chiwindi ndi ocheperapo. Mayi wa mtima uja, ndikanakhala ine ndikanafunsa ngati wayamba kumwa ibuprofen kapena diclofenac chifukwa cha mawondo. Mankhwala amenewa amasunga madzi ndi mchere m'thupi, ndipo angathe kukhala chifukwa chomwe wagonera pampando. Funsaninso za zitsamba, mofatsa, mopanda kunyoza. Mukanyoza sadzakuuzaninso.

Wapanjinga: Za okosijeni musaiwale. Ndinalowapo m'nyumba ina, wodwala ali ndi timachubu m'mphuno, mlendo wakhala pambali pake akusuta. Okosijeni payekha sayaka, koma amachititsa kuti nsalu, tsitsi ndi matiresi zipse mofulumira modabwitsa. Moto, kandulo ndi fodya zikhale kutali, mamita atatu. Pamphuno asapake Vaseline kapena mafuta ena, apake zamadzi. Silinda iime chilili yomangirira. Ndipo abale asamakweze okha mlingo akaona munthu akubanika. Kwa odwala ena a mapapo, a COPD, dokotala amafuna kamakina kapachala koyezera okosijeni m'magazi kaziwerenga 88 mpaka 92, kupitiriza pamenepo kungawagonetse tulo toipa. China, mukapeza kuti onse m'nyumba mutu ukuwawawa ndipo akusonkha makala kapena kuliza jenereta m'kati mazenera ali otseka, mwina ndi mpweya wapoizoni, tulutsani anthu kaye, zoyeza BP pambuyo.

Kadzidzi: Tanena zambiri za wodwala, nanga ife? Singano musamaibwezere chivindikiro, ambiri amabayidwa pamenepo. Bokosi la singano muziyenda nalo mpaka pambali pa bedi, ndipo likadzaza magawo atatu mwa anayi litsekedwe. Mukabayidwa, sambitsani ndi sopo ndi madzi, osafinya, ndipo musadikire kumaliza maulendo a tsikulo. PEP, mankhwala oteteza kuti musatenge HIV, imayenera kuyambika pasanathe maola 72, koma maola oyambirira ndiwo abwino, ndipo imamwedwa masiku 28. Timaopa HIV, pomwe chiopsezo chake pa kubayidwa kamodzi ndi pafupifupi 3 pa 1,000. Hepatitis B kwa munthu wosalandira katemera imatha kufika 30 pa 100. A Nesi Watsopano, katemera ameneyu munamaliza?

Nesi Watsopano: Ndinamaliza. Koma chimene ndimaopa kwenikweni ndi kulowa ndekha m'nyumba ya anthu osawadziwa.

Sisitala wa Zilonda: Manthawo ndi abwino, musawataye. Kuntchito azidziwa kumene muli ndi nthawi yomwe mutulukeko. Foni ikhale ndi moto, ndipo ikhale m'thumba la yunifomu, osati pansi pa chikwama. Khalani mbali ya kukhomo. Galu amangidwe musanalowe, ngakhale eni ake anene kuti saluma. Mukapeza munthu woledzera akukalipa, kapena pali chida poonekera, tulukani. Nenani kuti mwaiwala kanthu panja, mukaimbire foni muli kutali.

Wapanjinga: Apa ndiye ndikutsutsa pang'ono. Kumusiya wodwala m'manja mwa munthu woledzera yemweyo? Mtima sungalole.

Sisitala wa Zilonda: Simukumusiya, mukukaitana thandizo. Mukavulazidwa m'nyumbamo ovulala akhala awiri, ndipo palibe woimba foni. Mubwerere ndi mnzanu kapena ndi apolisi, malinga ndi mmene zilili. Komanso nyumba yoteroyo ikuuzeni kanthu za wodwalayo. WHO imati pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 alionse a zaka 60 kupita m'tsogolo amachitiridwa nkhanza zamtundu wina m'chaka chimodzi, kumene akukhala komweko. Mikwingwirima m'mikono monse muwiri, wodwala wongoti zii wachibale wina akalowa, wachibale woyankha mafunso onse m'malo mwake, mankhwala osatha m'botolo. Pezani mpata wolankhula naye payekha, nthawi yomusambitsa kapena yomanga chilonda ndi yabwino. Lembani zimene mwaona ndi mawu ake enieni, osati maganizo anu, n'kukanena kwa okuyang'anirani monga mwa malamulo a kumene mukugwira ntchito.

Mwana wa Bambo: Pamenepa ndipemphe kuti muzitifunsanso ifeyo. Kutembenuza munthu maola awiri alionse, usiku womwe, uli wekha, si zinthu zoti munthu angapirire miyezi. Pena umapezeka wamukalipira munthu amene umamukonda, kenako n'kumalira wekha.

Gogo Nesi: Mutu umodzi susenza denga, mwana wanga. Namwino amakhala m'nyumbamo mwina ola limodzi, maola 23 otsalawo ndi anu. Gadiyani akagwa ndi msana kapena kutopa, wodwala amagwa naye. Ndiye a Nesi Watsopano, pa ulendo uliwonse mufunseni gadiyani kuti wagona maola angati ndipo amamulandira ndani. Itanani abale ena muwaphunzitse pamodzi, muwagawire nthawi papepala lomata pakhoma. Pophunzitsa musamafunse kuti mwamva? Aliyense amati tamva pofuna kukulemekezani. Nenani kuti, ndionetseni mmene muchitire ine ndikachoka. Ndipo musiye zizindikiro zochepa, zitatu kapena zinayi, zoti akaziona asakuimbireni inu koma athamangire kuchipatala. Mukawapatsa makumi awiri sakumbukira ngakhale chimodzi.

Mwana wa Bambo: Funso lomaliza, pepani ndakuchulutsirani. Bambo awalembera mofini wamadzi chifukwa cha ululu pomanga chilonda. Achibale ena akuti ndisawapatse, akuti amafulumizitsa imfa.

Wakufamase: Apatseni monga adokotala alembera, amayi. Mofini woperekedwa pa mlingo woyenera, woyambira pang'ono, amachotsa ululu, safulumizitsa imfa. Muziyeza ndi sirinji kapena kachikho koyezera kamene anakupatsani, osati supuni ya kukhitchini, ndipo muzilemba nthawi iliyonse imene mwapereka kuti wina asabwereze. Ngati ndi wa pomanga chilonda, wakumwa amatenga pafupifupi mphindi 30 kuti agwire, ndiye gwirizanani ndi anesi nthawi yofika. Kudzimbidwa kumabwera pafupifupi kwa aliyense ndipo sikutha kokha, pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba kuyambira tsiku loyamba. Kusinza masiku oyamba kumachitika. Koma akamavuta kudzutsa, kapena kupuma kukatsika pansi pa 10 pa mphindi, musapereke wina, itanani thandizo msanga. Botololo likhale lokiyidwa kutali ndi ana, ndipo wotsala mukabweze kumene munalandira.

Mzamba: Ndipo muwauze adokotala ngati bambowo ali ndi vuto la impso kapena akumwa mankhwala ogonetsa, chifukwa mlingo umasintha. A Nesi Watsopano, za khanda sitinakambe. Mukapita, muliwerenge kupuma kwa mphindi yathunthu lili chete. Kukafika 60 kapena kupitirira, werenganinso, kukakhala komweko ndi kuchipatala. Chimodzimodzi likakana bere, thupi likazizira pansi pa 35.5 kapena kutentha kufika 37.5, kapena chikasu chikafika m'manja ndi kumapazi.